Filimu ya Malume

Fungo la mtedza wokazingidwa pachiwaya likandipeza, kaya ndili kuntchito kaya ndili m'basi, ndimangoona ndabwerera m'kachipinda ka a Nachisale ku Wheaton, pansi penipeni pa nyumba yosanja imene tinkakhalamo ine ndi mayi anga. Utsi wa makoko a mtedza unkakwera pang'onopang'ono, mapaipi otenthetsa m'nyumba akulira ngati wina akuwamenya ndi supuni, ndipo kachipangizo kochenjeza za moto kali kudenga atakaveka sokosi yakale kuti kasiye kuwaulula. Zenera linali laling'ono, lolingana ndi msewu, moti anthu odutsa tinkawaona nsapato zokha. A Nachisale ankati Amereka akumudziwa bwino ndithu, kuyambira m'mawondo kutsika m'munsi.

Sanali agogo anga. Ndinene zimenezi poyamba, chifukwa kutchalitchi ambiri ankayesa kuti ndi mayi a mayi anga, ndipo ife sitinkawatsutsa. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, nditangobwera kumene kuchokera ku Chilomoni, Chingerezi changa chili cha m'buku, chimene anzanga a kusukulu anachiseka mpaka ndinasankha kukhala chete. Mayi ankagwira ntchito kunyumba yosamalirako okalamba, ndipo akamaliza shifiti yawo ankalowanso ya mnzawo, moti masiku ena chimene ndinkaona cha iwo ndi yunifolomu yosiyidwa pampando. Ndikaweruka ndinkatsegula chitseko ndi kiyi wovala m'khosi, n'kuyatsa magetsi onse, n'kukhala pakati pa bedi nsapato zili kuphazi. Ndinkasungulumwa kwambiri, ndipo ndinalibe womuuza.

Tsiku lina m'chipinda chochapira, makina anakana kutseguka zovala zathu zili m'kati. Ndinawamenya ndi phazi n'kutulutsa liwu lina limene sindingalilembe pano. Kumbuyo kwanga kunamveka mawu okalipa.

"Iwe, ndiwe mwana wa yani wotukwana makina a eni ake?"

Nditacheuka ndinaona gogo wamfupi, atamanga duku, atavala jekete lachimuna lofika m'akakolo. Ndinachita manyazi, inde, koma mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe, pakuti chifikireni m'dziko lino panalibe wina, kupatula mayi anga, amene anandikalipirapo m'Chichewa. Anandifunsa dzina, ndinati Thoko. Anandifunsa ngati ndadya, ndinanama kuti eya, iwo n'kunena kuti milomo yanga ikunena zina. Kuyambira tsiku limenelo ndikaweruka sindinkakweranso kwathu, ndinkatsika kwawo.

Kwawo kunali ku Thyolo, kumene anathyola tiyi pa esiteti kuyambira utsikana wawo, ndipo zala zawo zinali zokhakhala moti akamandipesa ndinkamva ngati akundikanda ndi chitsononkho. Timatumba ta tiyi ta kuno ankating'amba ndi sizasi, n'kukhuthulira masambawo m'poto, uku akung'ung'udza kuti azungu akugulitsana fumbi losesa pansi pa fakitale. Kachipindako kanali ka mayi wina wa kutchalitchi amene ankagonera kuntchito ku Fairfax n'kumabwera Lamlungu lokha. Choncho mlungu wonse a Nachisale ankakhala okha, akukolopa pansi pokolopa kale, akupinda ndi kupindanso zovala za mwini nyumba, osatuluka kupitirira pamene pankatayidwa zinyalala. Wailesi yakanema inalipo, koma ankati anthu ake amalankhula ngati akuthamangitsidwa.

Filimuyo inabwera ndi mayi anga. Nkhalamba ina imene ankaisamalira itamwalira, ana ake anafuna kutaya katoni ya makaseti akale pamodzi ndi makina ake, ndiye mayi anapempha n'kudzawapatsa a Nachisale kuti azitayirako nthawi. Makaseti ambiri anali a azungu akumenya kampira pa kapinga. Imodzi yokha, yopanda chikuto, inali filimu yakalekale ya ku Mangalande, yopanda mitundu, ya zithunzi zakuda ndi zoyera. Munali mwamuna wa jekete lalitali amene apolisi ankamusaka, ndi kamwana kamene kanapezeka kali naye pothawapo. Ankayenda pamvula, ankabisala m'masitima a katundu, ankagona m'khola, ankagawana buledi wouma. Dzina la filimuyo ndinadzalidziwa nditakula, koma ife tinkaitcha filimu ya malume.

A Nachisale Chingerezi chawo chinkathera pa moni. Ndiye mawu ankaikamo awo, ngati anyamata a m'mavidiyo sho a kwathu, ndipo sankaphonya ngakhale chithunzi chimodzi. Ankakhala pansi atatambasula miyendo, mbale ya mtedza ili pakati pathu, n'kuyamba.

"Uyu ndi malume wake wa mwanayu. Mayi wa mwana wamwalira. Akuchimuna akufuna kumulanda, ndi amene atuma apolisiwa. Ndiye malume akuti ayi, mwana wa mlongo wanga sangaleredwe ndi alendo ine ndili moyo. Taona, akumuuza kuti limba mtima, kwathu si kutali."

Ine ndinkamva ndithu zimene anthu a m'filimuyo ankanena, ngakhale Chingerezi chawo chinali cha m'mphuno. Munthuyo sanali malume wa wina aliyense. Tsiku lina ndinayesa kuwauza.

"Agogo, akuti munthuyu wapha mnzake."

"Akuti ndani? Apolisiwo? Nanga ukanakhala iwe wapolisi ukanati chiyani?" Anatenga mtedza n'kuufikisa m'manja. "Taona mmene wavulira jekete kufunditsa mwanayo, iye n'kugona pamphepo. Munthu wongokumana naye panjira angatero? Chibale ndi fupa, mwana iwe, sichiola."

Ndinangosiya. Kunena zoona, nkhani yawo ndinkaikonda kuposa yeniyeniyo. Tinkaionera pafupifupi tsiku lililonse, mpaka kasetiyo inayamba kuonetsa mizere, ndipo nthawi zonse apolisi akayandikira a Nachisale ankasiya kutafuna, n'kumati, "Thamanga, bambo, thamanga," ngati kuti lero zikhoza kutha mwina.

Chifukwa chake ndinachimva kwa mayi anga, Loweruka lina akundiluka tsitsi. A Nachisale anali ndi mwana wamkazi, Esinati, amene anabwera kuno kudzagwira ntchito ya unamwino, n'kukwatiwa ndi a Jere a ku Chipata, ku Zambia. Anabereka mwana mmodzi wamkazi. Mwanayo akuphunzira kumene kuyenda, Esinati anadwala n'kumwalira, ndipo anthu a kutchalitchi anathandizana kuti a Nachisale abwere kumaliro. Tsiku loika maliro, pamaso pa anthu, iwo ananena zimene kwawo aliyense akananena, zoti mwana ndi wa kuchikazi, ndipo zonse zikatha apita naye kumudzi kwa malume ake. Kwa iwo amenewo anali mawu otonthoza, osonyeza kuti mwanayo ali ndi eni ake. Koma a Jere kwawo amalowola, ndipo mwana amakhala wa bambo. Anamva ngati auzidwa kuti mwana wawo abedwa. Patapita miyezi anasamuka, anasintha nambala ya foni, kenako anakwatiranso.

"Nanga bwanji sakubwerera kwawo?" ndinafunsa.

"Visa yawo inatha kalekale," mayi anatero, akundikoka tsitsi kuti ndisatembenuke. "Akangotuluka m'dziko lino sadzalowanso. Ndiye akhala, akudikira kuti amuone mdzukulu wawo. Malume ake enieni a mwanayo akupalasa kabaza ku Thyolo, visa anawakaniza. Ndipo zimenezi usakanene kusukulu, wamva?"

Ndinamva. Kuyambira pamenepo ndinazindikira chifukwa chimene ankazimitsira wailesi akamva kugogoda ngakhale pachitseko cha oyandikana nawo, ndi chifukwa chimene sankapitira ngakhale ku mashopu aakulu aja amene anthu onse a ku Wheaton ankakayendako nthawi yozizira. Filimuyo ndinayambanso kuionera ndi maso ena.

Masamba a mitengo atayoyoka, kunali tsiku lina limene sukulu inatsekedwa koma mayi anali kuntchito. Nditatsika ndinapeza a Nachisale atavala kale jekete lawo, nsapato za kutchalitchi zili kuphazi, m'manja muli chikwama. Munthu wina wa kutchalitchi anali atawanong'oneza kumene a Jere ankakhala, ku Manassas, ndipo popeza sankadziwa kuwerenga, dzina la msewu ndi nambala ya nyumba anaziloweza ngati nyimbo ya kwaya. Anandiimbira, n'kundiuza kuti ndibwereze.

"Kavale jekete, tikaone m'bale wako. Iwe ukhala pakamwa panga."

Sindinafunse ngati mayi akudziwa. Ndinadziwa kuti sakudziwa, ndipo ndinkafuna kupita.

Pa siteshoni ya sitima yapansi ya ku Wheaton pali masitepe oyenda okha, aatali moti ukaima pamwamba pansi sipaoneka bwino. A Nachisale anaima pamenepo nthawi yaitali, anthu akutilambalala. Kenako anati, "Anthuwa akwiriridwa amoyo," n'kutseka maso, n'kuponda. Dzanja langa analigwira molimba mpaka zala zinachita dzanzi. Mumzinda tinasintha n'kukafuna sitima ina yopita ku Virginia, kumene kuli Manassas, ine ndikufunsa njira kwa aliyense wooneka wachifundo. Pa siteshoni yaikulu ya mumzindamo panaima wapolisi ali ndi galu. A Nachisale anawongola msana n'kudutsa pafupi naye akundikonza kolala, ngati gogo aliyense amene ali ndi mdzukulu wake. Ine ndinali ndi mantha osakanikirana ndi chisangalalo, chifukwa ndinkaona kuti talowa m'filimu yathu ija.

M'sitimamo anakhala kuzenera, chikwama chili pamiyendo. Ndinasuzumiramo n'kuona kachitini ka mtedza ndi chitenje chatsopano chopindidwa bwino.

"Agogo, tikukamutenga?"

"Ndikufuna andione kaye," anatero. Ndiye anandiuza za dzina. Mwanayo atabadwa, Esinati anaimba foni ku Thyolo, pa foni ya kugolosale, n'kuwapempha kuti amutche dzina monga mwa mwambo. Iwo ali chiimire pakhonde la golosaleyo, akumva kakhanda kakulira kutsidya kwa nyanja, anati dzina lake ndi Tionana. Ankatanthauza kuti ngakhale kuli kutali, tsiku lina adzaonana basi. Kumaliro anamuona masiku ochepa okha, ali wakhanda wosadziwa kanthu. "Pano ndi wamkulu," anatero. "Dzina lake akalimva, adziwa kuti wabwera ndani."

Ku Manassas tinayenda wapansi mtunda ndithu, mphepo ikutilasa kumaso. Nyumba zake zinali zofanana ngati mazira, kapinga wometedwa bwino, magalimoto ali pakhomo, koma panja popanda munthu ngakhale mmodzi. A Nachisale anafunsa ngati kwachitika maliro. Titaipeza nambala ija, iwo anaima patali pang'ono ndi chitseko n'kunena kuti, "Odi," motsitsa, ngati kuti wina angamve kudutsa chitseko chokhuthala choterocho. Ine ndinadina belu.

Anatsegula ndi a Jere eni ake, bambo wamtali wa magalasi, malaya a kuofesi akadali m'thupi. Atawaona a Nachisale nkhope yawo inagwa. Anayang'ana kumsewu ngati akufuna galimoto imene yatibweretsa, kenako anawerama n'kuomba m'manja mwaulemu. A Nachisale anatembenukira kumbali, pakuti mpongozi sayang'anizana ndi mkamwini wake m'maso.

"Amai," a Jere anatero m'Chinyanja chawo cha ku Zambia. "Mwabwela bwanji kuno? Nindani wakuletani?"

"Mwana uyu."

Anandiyang'ana ine, kamtsikana ka mamina m'mphuno chifukwa cha kuzizira, ndipo anapukusa mutu. Anatipempha kuti tilowe. A Nachisale anakana. Anati sangaponde m'nyumba ya mkazi wina ngati kuti abwera kudzayendera mwana wawo. "Ndiima pompano, bambo. Mungondiitanira mwana."

A Jere anazengereza, koma anaitana. Kunatulukira kamtsikana ka zaka ngati zisanu ndi chimodzi, kovala sokosi zofiirira, tsitsi lolukidwa bwino lomangidwa timikanda, m'manja muli chekeni. Nkhope yake inali yomweyo ya pachithunzi cha Esinati chimene chinkakhala pamwamba pa wailesi yakanema ku Wheaton. A Nachisale anagwada pakhonde lozizira lija, mawondo awo akulira, n'kutambasula manja.

"Tionana," anatero. "Tionana, mama."

Kamtsikanako kanamwetulira. "Tionana," kanayankha, lilime likulemera.

A Nachisale anandicheukira, maso atadzaza misozi, nkhope ikuwala mmene ndinali ndisanaionerepo. "Wamva? Akulidziwa."

Koma pamene ankalankhula, mwanayo anali atakweza kale dzanja, akubayibitsa, ndipo anatembenuka n'kuthamangira m'kati kumene kunkamveka makatuni. Mawu a kwathu amene bambo ake anamuphunzitsa anali ochepa, a moni ndi otsanzikana. Iye anamva gogo wachilendo akutsanzika, ndipo anayankha mwaulemu monga anaphunzitsidwira.

A Nachisale anatsala chogwada, manja ali chitambasulire. A Jere anamuitananso mwanayo, ndipo anabwera monyinyirika. Ine, pokhala pakamwa pawo, ndinamuuza m'Chingerezi kuti awa ndi agogo ake, mayi a mayi ake, ndipo liwu limene anena lija ndi dzina lake, limene anamutcha atabadwa. Anaseka, osati mwachipongwe, koma ngati mwana amene wagwira wamkulu akulakwitsa. Anati ayi, dzina lake ndi Kayla, ndipo liwu limenelo limanenedwa munthu akamapita. Kenako anabisala kumbuyo kwa mwendo wa bambo ake n'kufunsa ngati mayiyu akudwala, popeza wagwada pansi.

"Akuti chiyani?" a Nachisale anandifunsa.

Ndinayang'ana a Jere kuti andithandize, koma iwo ankayang'ana nsapato zawo. Ndiye ndinawauza zonse, liwu ndi liwu, mmene mwanayo ananenera. Anamvetsera mpaka kumapeto. Anagwira felemu la chitseko n'kudzuka okha, atakana dzanja la mkamwini wawo. Anatulutsa kachitini kaja n'kukapereka ndi manja awiri.

"Pepani, amai," a Jere anatero motsitsa kwambiri. "Sakudya nshawa. Zimamudwalitsa, angafe nazo."

A Nachisale anabweza mtedzawo m'chikwama, pamwamba pa chitenje chimene sanachitulutse n'komwe.

Za kubwerera tinali tisanaziganizire. Sitima za kumeneko madzulo zimangotulutsa anthu mumzinda, sizibwerera nawo, choncho a Jere anasiya mwana ndi akazi awo n'kutitenga pagalimoto. Tinakhala kumbuyo tonse awiri. Msewu unali wodzaza, magalimoto akukwawa, dzuwa likulowa kumbuyo kwathu. Titayenda nthawi yaitali, a Jere anayamba kulankhula, maso ali kutsogolo.

"Nenze na mantha, amai. Tsiku lija munakamba kuti muzamutenga. Nenze n'tataya kale mkazi. Manje nizayamba kumuleta, muzimuona."

"Musavutike, bambo," a Nachisale anayankha. "Mwana ali bwino. Wanenepa, ndi waulemu. Amene akumuluka tsitsiyo ali ndi manja abwino, mukawathokoze. Ine ndimayesa ndikapeza mwana wamasiye."

Mayi anga tinawapeza ali pakhomo, yunifolomu ili m'thupi, atazungulira kale nyumba yonse kundifunafuna. Sanakalipe pamaso pa a Jere. Titalowa m'nyumba anandigwira mapewa n'kundigwedeza, akulira. Anati kodi ndikudziwa chimene apolisi akanachitcha, atapeza gogo wopanda mapepala akuyenda ndi mwana wa eni ake m'dera lina popanda chilolezo? Anandiletsa kutsikako. Ndinabwerera pakati pa bedi langa ndi magetsi anga, ndipo masiku amenewo anali owawa kuposa oyamba aja, chifukwa tsopano ndinkadziwa kuti pansi pa mapazi anga pali munthu wina amene wakhalanso yekha.

Mkwiyo wa mayi sunakhalitse, ndipo shifiti sizinachepe. Atandilola kutsikanso, ndinapeza a Nachisale atachotsa sokosi ija pa kachipangizo ka moto, chiwaya chili chotsuka, m'nyumba mopanda fungo lililonse. Anaika kaseti ija m'makina, n'kukhala pansi monga mwa masiku onse, koma sanayambe kulankhula.

"Lero unene ndiwe," anatero. "Zonse zimene akunena. Usandinyengerere."

Ndinamasulira kuyambira poyamba mpaka pomaliza, pakamwa mpaka kuuma. Ndinawauza kuti munthuyo anaphadi mnzake. Ndinawauza kuti mwanayo anangokumana naye mwangozi, ndipo poyamba munthuyo ankamukalipira, akufuna kumusiya panjira chifukwa ankamuchedwetsa. Panalibe mlongo womwalira, panalibe akuchimuna, ndipo kumene ankathawirako sikunali kwawo kwa aliyense. A Nachisale sananditsutse ngakhale kamodzi. Pamene apolisi anamugwira munthu uja, mwana akulira n'kumukakamira jekete, gogoyo anandigwira mkono.

"Ndiye si kanthu wake?"

"Si kanthu wake, agogo."

"Ngakhale wa mudzi umodzi?"

"Ayi."

"Koma akumulirira chonchi."

"Eya."

Kaseti inatha, pagalasi panangotsala chipwirikiti choyera chija, ndipo iwo anapitiriza kuyang'ana. "Mwana amalirira amene wagona naye njala," anatero pomaliza. "Fupa lija silinaole, ayi. Koma ndani amadya fupa?"

A Jere anasunga mawu awo, anaimba foni kufunsa tsiku loti abwere ndi mwana. A Nachisale anawathokoza n'kuwauza kuti asamuvutitse mwanayo ndi gogo amene sangathe ngakhale kumufunsa ngati wadya. Khirisimasi isanafike anauza akuluakulu a kutchalitchi kuti akufuna kupita kwawo. Anthu anawachenjeza kuti akapita ndiye kuti apitiratu. Iwo anati akudziwa.

Ine ndinakwiya, ndipo ndinawauza. Ndinati mwana uja sakuwafuna koma ine ndikuwafuna, nanga akundisiyira yani? Ndinalira mokweza, mopanda ulemu, ndikumenya pansi ndi chibakera. Anandisiya ndilire mpaka nditatopa, kenako anandikokera pamiyendo pawo ngakhale ndinali wamkulu kale, zala zokhakhala zija zikuyenda m'tsitsi langa.

"Iwe uli ndi mayi ako, ndipo akukufera ndi ntchito," anatero. "Ine ndili ndi mwana wamwamuna ku Thyolo amene sindinamuphikire zaka zonsezi, chifukwa chodikira pazenera loona nsapato. Undilole, Thoko."

Ananyamuka m'mawa wina kukugwa chipale chofewa, pa minibasi ya kutchalitchi. Katundu wawo anali sutikesi imodzi ndi chithunzi cha Esinati. Mayi anawakumbatira, azimayi ena anayamba nyimbo koma inafera m'mphepo. Atakhala pampando, chitseko chisanatsekedwe, ndinanena zimene pakamwa panazolowera.

"Tionana, agogo."

Anapukusa mutu. "Ayi. Limenelo lili ndi mwini wake, ndipo mwana sindimunamiza kawiri. Iwe tsala bwino."

Sitinaonanenso. Ndili ku sekondale, foni inabwera kuchokera ku Thyolo kuti a Nachisale atisiya, atadwala masiku ochepa, ali m'manja mwa mwana wawo.

Lero ndine namwino ku Fairfax, ndipo akabwera wodwala wa kwathu amene Chingerezi chikumuvuta, amandiitana kuti ndikhale pakamwa pake. Ndimamasulira zonse, ngakhale zowawa, chifukwa ndinaona kuti munthu wamkulu amatha kuzinyamula. Filimu ija ndinaipezanso, yoyera bwino yopanda mizere, koma ndinaizimitsa isanafike pakati. Popanda mawu awo anthu ake ankangoyenda pamvula. A Jere ndinamva kuti anasamukira kutali, ndipo Kayla ayenera kuti pano ndi mayi wamkulu, kwinakwake m'dziko lalikululi.

Lamlungu tikatuluka m'tchalitchi, anthu amabalalika kupita kumagalimoto awo, akukweza manja, uyu tionana, uyo tionana mlungu wamawa. Ine ndimati pitani bwino, ndipo anzanga amandiseka kuti ndimatsanzika ngati gogo wa kumudzi. Sindiwafotokozera. Ndimaima pafupi ndi galimoto yanga, kiyi ali m'manja, n'kumamva mpingo wonse ukuitana mwana mmodzi, ndipo iye sacheuka.